Bala Limene Mwana Anatibisira

 Nkhani imene tabwera nayo ulendo uno sitinaitenge m'mabuku amene tinaphunzira kukoleji ayi. Inatipeza yokha tili pamkeka, tikumvetsera ana akuwerenga, m'nyengo ya mwera, ndipo tineneretu kuti m'nkhaniyi olakwa oyamba ndife aphunzitsi.

Pakati pa ana amene timawaphunzitsa pali mnyamata wina wa zaka 8, mwana wochangamuka, wa mawu okweza, amene nthawi zonse amalimbirana ndi anzake kuti akhale woyamba pachigubu cha madzi a udhu. Tsiku lina Lachiwiri itakwana nthawi ya Asr, anzake onse anathamangira kumadzi, iye n'kutsalira pamkeka. Titamufunsa anati udhu wake ukadalipo. Tinamusiya. Mawa lake anachita chimodzimodzi, ndipo apa m'pamene tinamuyang'anitsitsa. Mkono wa kumanja wa mkanjo wake anali ataugwetsa mpaka kuphimba zala, ndipo juzu anaigwira ndi dzanja lamanzere, pamene amadziwa bwino lomwe kuti zimenezo timaletsa.

Anzake ataweruka tinamuitana.

"Tabwera kuno iwe. Dzanjalo latani?"

"Silinatani, amwalimu."

"Tapinda mkanjowo tione."

Misozi inayamba kutsika asanapinde n'komwe. Pachikhatho, m'munsi mwa chala chachikulu, panali timabowo tiwiri ndi pena pokandika. Linali bala laling'ono ndithu, loti msodzi wozolowera mbedza ndi minga ya kampango sakanaliwerengera. Koma linali litatupa, ndipo m'kati mwake munali dothi.

Anatifotokozera akusisima. Lamulungu lapitalo mayi ake anamutuma kudooko kukapereka nsima kwa amalume ake amene ankasoka ukonde. Pobwerera, kuseri kwa mathandala a usipa, anapeza kagalu kakang'ono katagona pamchenga, kakunjenjemera. Sikanathawe monga amachitira agalu a kudooko akaona mwana akubwera. Anakamvera chisoni, natola mutu wa nsomba kuti akapatse. Atafikitsa dzanja pakamwa pake, kanamuluma.

"Nanga bwanji sunawauze amayi?"

"Akanawauza abambo kuti ndagwira galu. Akanandimenya."

"Nanga dothili lalowamo bwanji?"

Anatiyang'ana ngati kuti funsolo n'lodabwitsa. "Ndinatsuka kasanu n'kawiri, amwalimu, kamodzi ndi dothi. Si mmene munatiphunzitsira?"

Abale athu, mawu amenewa mpaka lero amatilirabe m'makutu. Mwanayo sananame. Miyezi iwiri m'mbuyomo tinali titaphunzitsa kalasi yake mutu wa twahara. Tinawauza kuti m'madhhab ya Imam Shafi'i, imene ambiri a ife kuno kunyanja timatsata, malovu a galu ndi najisi yaikulu, ndi kuti chinthu chimene chakhudzidwa nawo chimatsukidwa kasanu n'kawiri, kamodzi mwa maulendo amenewo ndi dothi. Tinawafunsa pamayeso, ndipo mnyamatayu anakhoza zonse. Chimene sitinawauze n'chakuti m'malovu omwewo mukhoza kukhala imfa. Liwu lakuti chiwewe silinatulukepo pakamwa pathu chaka chonsecho. Ndiye mwana uja, ali yekhayekha pagombe, dzanja likuchucha magazi, anatenga nzeru yokhayo imene tinamupatsa naigwiritsa ntchito mokhulupirika: anapaka dothi pabala, natsukuluza m'nyanja, nakhala chete masiku atatu.

Tinapita naye kwawo madzulo omwewo. Bambo ake anali panyanja. Tinapeza mayi ake akupeta mpunga, anganga ake ali pakhonde, ndipo posakhalitsa anansi anasonkhana monga mudziwa mmene zimakhalira pamudzi. Aliyense anabwera ndi nzeru yake. Wina anati kagalu kakang'ono sikakhala ndi chiwewe, chimagwira agalu akuluakulu okha. Wina anati bala lauma kale, palibe chifukwa chotayira ndalama pa kabaza. Winanso anati anyamata akasake kagaluko, amete ubweya wake, awotche, phulusa lake apake pabala. Anganga, amene ndi munthu wopemphera kwambiri ndipo timawalemekeza, anati chofunika n'chakuti amwalimu amuchitire dua mwanayo, zina zonse ndi chikonzero cha Allah. Dua tinachita ndithu, koma tinachita manja ali m'beseni. Tinapempha sopo wochapira ndi madzi ambiri a pamjigo, ndipo mayi ake anatsuka balalo mphindi 15 zathunthu, wina akuthira madzi, ife tikuyang'ana nthawi pafoni, mwana akulira, anganga akutidzudzula kuti tikumuzunza mdzukulu wawo.

Kutacha tinakwera njinga yamoto. Kuchipatala chaching'ono chimene tili nacho pafupi anatsukanso balalo, namubaya jakisoni wa kafumbata kaamba ka dothi lija, koma katemera wa chiwewe analibe. Anatilembera kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu, natiuza kuti tidzerenso kwa alangizi a ziweto kukanena za kagaluko. Ndalama yoyendera mayi uja anachita kukongola kubanki m'khonde. Titafika, namwino atamva kuti mwana analumidwa Lamulungu ndipo lero ndi Lachinayi, anaika cholembera pansi nafunsa kuti, "Masiku onsewa munali kuti, mayi?" Mayiyo sanayankhe. Ifenso, amene timati ndife ophunzira, tinangoyang'ana pansi. Alhamdulillah, katemera analipo, ndipo anamubaya woyamba tsiku lomwelo, natilembera m'kabuku ka kuchipatala masiku obwereranso.

Pano tiime pang'ono kuti tinene chimene chinatithamangitsa chotere chifukwa cha timabowo tiwiri, pakuti pakhondepo panali anthu amene anationa ngati tapenga.

Chiwewe chimabwera ndi kachirombo kosaoneka ndi maso kamene kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kamalowa m'thupi la munthu akalumidwa, akakandidwa, ngakhalenso galu akangonyambita pachilonda, m'maso kapena pakamwa. Kakalowa sikayenda ndi magazi monga tizirombo ta malungo, koma kamakwera pang'onopang'ono m'mitsempha imene imatumiza uthenga m'thupi, kulunjika ku ubongo. Ulendo umenewu kawirikawiri umatenga miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale kuti nthawi zina umatha m'sabata imodzi, ndipo nthawi zina umafika chaka. Msampha wagona pamenepa. Bala limapola, mwana amabwerera kumpira, banja lonse limaiwala. Tsiku lina mwana ayamba kutentha thupi, pachipsera paja payamba kuyabwa kapena kuchita dzanzi, kenaka mutu usokonekera, ndipo ludzu likamugwira n'kumupatsa madzi, khosi limakana, amathawa kapu ngati waona moto. Zikafika pamenepo palibenso mankhwala, kaya kuno kwathu kaya kumaiko olemera. Pafupifupi aliyense amene wayamba kuonetsa zizindikiro amamwalira, ndipo amamwalira movutika. Koma m'masiku amene kachirombo kakadali paulendo, katemera amatha kukatsekera njira. N'chifukwa chake tsiku lililonse limene mwana wabisa bala ndi tsiku limene tapereka kwaulere kwa nthendayi. Ngakhale zili choncho, amene wachedwa asanene kuti basi nthawi yatha; apite ndithu, monga tinapitira ife.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo muno mu Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 100 amene amadwala nthendayi, mpaka 99 amaitenga kwa agalu, ndipo mwa anthu khumi alionse, anayi amakhala ana osakwana zaka 15. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mwana ndi wamfupi, nkhope yake ndi khosi lake zili pamlingo umodzi ndi kamwa ya galu, ndipo bala la kumutu, m'khosi kapena m'zala limafupikitsa ulendo wa kachirombo kaja. Chinanso, mwana amabisa.

Nthendayi si yatsopano. Ibn Sina, sing'anga wamkulu wa Chisilamu amene anamwalira m'chaka cha 1037, analemba za kulumidwa ndi galu wachiwewe ndi za kuopa madzi m'buku lake la Al-Qanun, ndipo m'Chiarabu dzina la nthendayi linachokera ku liwu lomwelo lotanthauza galu. Koma katemera wake anadikira mpaka 1885. M'mwezi wa July chaka chimenecho, mnyamata wa zaka 9 wa ku Alsace, dzina lake Joseph Meister, analumidwa malo ambiri ndi galu wachiwewe. Mayi ake sanadikire kuti aone ngati mabala apola. Ananyamuka naye ulendo wautali mpaka ku Paris kukasaka Louis Pasteur, amene anali atayesa katemera wake pa agalu, ndipo patangopita masiku awiri chilumidwire mwanayo anabayidwa jakisoni woyamba. Anachira, nakhala ndi moyo mpaka 1940. Anthu akamasimba nkhaniyi amatamanda Pasteur, ndipo n'zomuyenera. Koma ife tikaiwerenga timaganiza za mayi uja. Iye anauzidwa tsiku lomwelo, nanyamuka. Mayi wa mwana wathu akananyamukanso akanauzidwa.

Kuno kwathu, madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anafalitsa mu 2007 zimene anapeza atafufuza za ana omwalira ndi matenda a mu ubongo. Ena mwa ana amene ankaganiziridwa kuti apita ndi malungo aakulu anapezeka kuti chinawapha ndi chiwewe. Taganizani, abale: ndi maliro angati amene tawaswalira m'midzi mwathu muno, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, tikunena kuti ndi malungo kapena majini, pamene panali kabala kamene mwana sananene? Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera mumzinda wa Blantyre, ndipo m'masiku 20 okha linabaya agalu oposa 35,000. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa, nthendayi imasowa podutsa. Ife Asilamu timakonda kunena kuti za katemera wa agalu sizitikhudza popeza sitiweta agalu. Komatu amene adzalume mwana wanu si galu wanu, ndi wa mnansi amene sanamve kuti a ziweto akubwera liti. Sitiona cholakwika chilichonse kuti uthenga wotere uzilengezedwa pamzikiti ikatha Jumu'a, monga timalengezera za katemera wa poliyo, makamaka kukamayandikira pa 28 September, tsiku limene dziko lonse limakumbukira za chiwewe.

Tsopano tibwerere ku dothi lija, chifukwa apa ndi pamene pali ntchito yathu aphunzitsi ndi mashehe.

Lamulo la kutsuka kasanu n'kawiri ndi loona, lili m'Hadith imene anailandira Imam Muslim, ndipo sitikulichepetsa. Hadith imeneyo imanena za chiwiya chimene galu wamweramo, ndipo ma ulama a madhhab yathu anafikitsa lamuloli pa chovala ndi pathupi. Cholinga chake ndi kuyeretsa munthu kuti aime pa swala. Kutsuka bala la galu ndi nkhani ina, cholinga chake ndi kupulumutsa moyo. Kachirombo ka chiwewe kali ndi khungu la mafuta, ndipo sopo amaswa khungu limenelo monga amachotsera mafuta a nsomba m'mbale. Madzi oyenderera amakokolola malovu otsala. Dothi silichita zimenezi. Limatseka malovu m'kati mwa bala, ndipo limabweretsa matenda ena, pakuti m'dothi ndi mmene mumakhala tizirombo ta kafumbata. N'chimodzimodzi phulusa, tsabola, mchere ndi masamba otafuna. Ma ulama anawerenga kusunga moyo pakati pa zinthu zisanu zimene Shariah inabwera kudzateteza, pamodzi ndi chipembedzo, nzeru, mtundu ndi chuma. Chotero ife sitikayika kunena kuti mwana akalumidwa, choyamba ndi sopo ndi madzi mphindi 15, chachiwiri ndi chipatala, ndipo m'bala lotseguka musalowe dothi. Za mkanjo umene wagwera malovu ndi khungu lozungulira bala, zimenezo zidzatsukidwa mwa lamulo lake pambuyo pake, ndipo amene akukayika akafunse shehe wake mwana atabayidwa kale.

Pali chinanso chimene tinalephera kuwamasulira ana, ndipo tikuona kuti ngakhale akuluakulu ambiri sanachimvetse. Najisi si tchimo. Mayi amene wagweredwa mkodzo wa khanda sanachimwe, amangotsuka. Munthu amene wakhudzidwa ndi malovu a galu sanachimwenso, amangotsuka. Koma mmene timalankhulira m'makomo mwathu, mwana amamva ngati kuti akakhudza galu wachoka m'Chisilamu. Timatukwana nalo dzina la galu, timagenda aliyense wodutsa pabwalo, ndipo mwana akafunsa chifukwa chake timangoti n'haramu. Komatu Qur'an yolemekezeka imatchula galu wa anyamata a kuphanga mu Surat Al-Kahf, imene ambiri a ife timawerenga tsiku la Jumu'a, ndipo Surat Al-Ma'idah imaloleza kudya nyama yogwidwa ndi nyama zosakira zophunzitsidwa. Mtumiki (S.A.W.) analoleza galu wolondera ziweto, wolondera munda ndi wosakira. Imam Malik sanaone galu wamoyo ngati najisi n'komwe. Ndipo ndani mwa ife sanamvepo, kuchokera kwa Imam Bukhari ndi Imam Muslim, za munthu wapaulendo amene anatsikira m'chitsime natunga madzi ndi nsapato yake kuti amwetse galu waludzu, Allah namukhululukira chifukwa cha chimenecho? Nkhani imeneyinso tinawaphunzitsa ana athu. Mnyamata uja pamene anatola mutu wa nsomba sanali kuchita mwano. Anali kuchita chifundo chimene anamva kwa ife tomwe. Cholakwika chinali dzanja lofika pakamwa, osati mtima. Tikanamuuza kuti chifundo kwa galu wosamudziwa chimachitidwa uli patali, kuika chakudya kapena madzi pansi n'kuchokapo, ndi kukauza munthu wamkulu. Shariah yomweyo imene imayamikira womwetsa galu inalolezanso kupha galu woluma anthu ngakhale kwa amene ali mu ihram. Imasiyanitsa galu ndi galu. Ife ndi amene tinawaika onse m'thumba limodzi, n'kusiya ana athu osadziwa kuwasiyanitsa.

Taonani mwana wa mnansi wathu amene anakula ndi galu pakhomo. Iye amadziwa kuwerenga makutu ndi mchira, amadziwa kuti galu akauma thupi, ubweya wa pamsana n'kuimirira, n'kumalira chapansipansi mano ali pamtunda, ndiye kuti akuchenjeza. Wathu sadziwa chilichonse cha zimenezi. Akakumana ndi galu amadziwa zinthu ziwiri zokha, kuthawa kapena kugenda, ndipo zonse ziwiri zimaitana mano. Galu amathamangitsa chilichonse chothawa, ndipo palibe mwana amene angamupose liwiro. Galu wogendedwa tsiku ndi tsiku ndi ana ovala zisoti popita kumadrasa amasunga chakukhosi, ndipo amadzabwezera kwa kamwana kamene katsalira m'mbuyo. Ang'onoang'ono kwambiri, a zaka zitatu kapena zinayi, amene sanaphunzire mantha, iwo amangopita kukagwira mchira. Ndipo agalu satisowa kuno kunyanja ngakhale sitiweta. Ali kudooko kumene amatola matumbo a nsomba, ali kuseri kwa magolosale ndi malo ogona alendo, ali kumsika ndi kudzala, ndipo m'midzi ya kufupi ndi mapiri amakumana usiku ndi nkhandwe ndi afisi, amenenso amadwala chiwewe.

Anthu ambiri amaganiza kuti galu wachiwewe ndi wolusa yekha, woyenda mosadziwa kumene akupita, woluma mitengo ndi miyala, dovu lili chuchuchu. Ameneyo alipo, ndipo mudzi wonse umamuzindikira. Koma pali mtundu wina umene umanyenga. Galu amafooka, amakhala duu, miyendo ya m'mbuyo imalemera, chibwano chimagwa ngati kuti fupa lamutsamwa pakhosi. Ameneyu ndi amene mwana wachifundo amamuyandikira, ndipo nthawi zina ngakhale wamkulu amapisa dzanja m'kamwa kuti achotse fupa limene kulibe. Tiagalu nato timadwala. Nyama ya kutchire imene yasiya kuopa anthu n'kulowa m'mudzi masana si mwayi wa ndiwo ayi.

Chichitikire zimenezi, tsiku Lachinayi lililonse timapatula mphindi zochepa tisanaweruke, n'kutulutsa ana pabwalo. Mmodzi amakhala galu, ndipo ntchito imeneyi amailimbirana. Enawo amaphunzira kuima chilili ngati mlambe, manja atapinda pachifuwa, maso pansi osati m'maso mwa galu, pakamwa potseka, mpaka galu atanunkhiza n'kutopa n'kuchoka, kenaka kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Amaphunzira kuti akagwetsedwa adzipinde ngati mwala, mawondo pachifuwa, manja ataphimba khosi ndi makutu. Amanena pamodzi, monga amanenera nsanamira za Chisilamu, agalu amene sayandikiridwa ngakhale mwini wake alipo: amene akudya, amene wagona, amene akuyamwitsa, amene wamangidwa pachingwe, amene akudwala. Amadziwa tsopano kuti kugwedeza mchira si salaam. Pamakhala phwete lalikulu, ndipo akuluakulu ena odutsa amapukusa mitu kuti madrasa yasanduka bwalo la masewero. Tawasiya apukuse.

Koma tisanamizane, makolo anzathu. Masewero a pabwalo sangasenze katundu amene ndi wanu. Mwana wa zaka 5 saweruza bwino za galu ngakhale mutamuphunzitsa kakhumi. Akaona kagalu kokongola zonse zimauluka. Ndife amene timatuma ana otere kukagula mchere dzuwa litalowa, wina ali ndi khanda kumbuyo. Ndife amene timawatumiza kudooko ndi mbale ya nsima ndi ndiwo zonunkhira m'manja, kudutsa pakati pa agalu anjala. Ndi angati mwa ife amene anayendapo ndi mwana wake, ngakhale kamodzi, njira yonse yochokera kunyumba mpaka kumadrasa, kuti aone mipanda imene ili ndi agalu ndi kumusonyeza pokhotera? Mwana ndi amanah imene Allah anatisungitsa, ndipo tsiku lofunsidwa sadzafunsidwa galu, sadzafunsidwanso mwana wa zaka 8. Inu amene mumaweta galu wolondera mbuzi kapena munda, katundu wanu ndi wowirikiza: mum'bayitse katemera chaka ndi chaka, mum'mange masana pamene ana akudutsa, mum'dyetse kuti asamakayendeyende. Mabuku a fiqh amanena poyera kuti mwini nyama yodziwika kuti imaluma, akailekerera, amalipira zimene yawononga. Ndipo galu wodziwika mwini wake akaluma mwana, tisathamangire kumupha ndi mkwiyo. Amangidwe, azipatsidwa chakudya, a ziweto amuyang'anire masiku khumi, pakuti akakhalabe wathanzi masiku onsewo ndiye kuti malovu ake analibe kachirombo tsiku limene analuma. Mwanayo yekha asadikire masiku khumiwo. Iye ayambe katemera, a chipatala ndi amene adzanene zopitiriza kapena zosiya.

Bambo wa mnyamata uja anabwera kuchokera panyanja tsiku lomwe tinapita kuchipatala. Atamva nkhani yonse, ndi ngongole ya kubanki m'khonde pamwamba pake, anathyola ndodo. Mayi anatumiza mwana wina kudzatiitana, ndipo tinakhala nawo pamphasa itatha Isha. Iwo ndi aakulu kwa ife, tinayenera kusankha mawu.

"Bambo, mwana wanu anadziwa kuti akanena adzamenyedwa, n'chifukwa chake anabisa. Mukamumenya lero, mwamutsimikizira kuti anaganiza bwino. Ang'ono ake akuonerera. Tsiku limene mmodzi wa iwo adzalumidwe, adzabisa kuposa apa."

Anakhala chete nthawi yaitali, akutembenuza ndodo ija m'manja. Kenaka anati, "Amwalimu, ife tinaleredwa choncho. Bambo anga akanamva kuti ndagwira galu sindikanagona m'nyumba."

Sitinawatsutse, pakuti ifenso tinaleredwa choncho. Tinangowapempha chinthu chimodzi, chimene tikupemphanso kwa aliyense amene akuwerenga pano: kuti aitane ana awo onse, awauze ndi pakamwa pawo iwo eni kuti amene walumidwa, wakandidwa kapena wanyambitidwa ndi galu kapena mphaka anene nthawi yomweyo, ndipo sadzamenyedwa ngakhale kuti anaputa yekha. Kulangiza kudzabwera bala litatsukidwa. Bamboyo sanayankhe usiku umenewo. Koma maulendo otsala a kuchipatala anamuperekeza okha mwana wawo, kusiya bwato pamtunda masiku amene usipa unali kugwidwa.

Kagalu kaja anakapeza alovi Lachinayi lomwelo katafa pansi pa thandala, nakakwirira mumchenga. Mlangizi wa ziweto atamva mmene kanafera anati aliyense amene anakakhudza aonedwe ngati wakumana ndi chiwewe. Loweruka tinasonkhanitsa madrasa yonse n'kufunsa kuti ndani winanso anasewera nako. Panali zii. Ana 40 onse anayang'ana pamkeka. Tinachotsa kabango kathu kolozera pabolodi, kamene amadziwa kuti nthawi zina kamagwira ntchito ina, n'kukaponya panja pawindo, n'kulumbira pamaso pawo kuti palibe amene adzakhudzidwe, kuno kapena kunyumba. Patapita kanthawi dzanja limodzi linakwera, kenaka lina, mpaka anayi. Atatu anali atangokasisita pamsana, ndipo a chipatala atawaona anawabweza. Wachinayi anali mtsikana wa zaka 6. Iye sanalumidwe, ndipo ankanena monyadira kuti kagaluko kanamukonda, kanamunyambita mwendo. Pamwendo pomwepo panali chilonda cha chitsa chimene chinali chisanapole. Amalume ake anamunyamula panjinga tsiku lomwelo.

Onse awiri anamaliza jakisoni wawo monga zinalembedwa m'timabuku tawo, ndipo chaka chatha tsopano. Mnyamata uja wabwerera pamalo pake, woyamba pachigubu cha udhu, akukankhana ndi anzake. Pambali pa chigubucho tinamangirira sopo pachingwe, woti athandize tsiku la ngozi. Sakhalitsa, chifukwa ana amasambira miyendo tikayang'ana kumbali. Akatha, anganga aja ndi amene amatumiza wina, atamukulunga m'kansalu, ndi uthenga woti amwalimu asaiwale dua.